Ine Ndikuti Fuwa, Iwo Akuti Fupa

Kiwangani,
Bagamoyo.
Lachiwiri, 15 Ogasiti 1989

Akufuna kundilanda mwana. Lachisanu likubwerali, anthu akangotuluka mumzikiti, Mize amukweza m'chombo chopita ku chilumba cha Unguja kwa azakhali ake, ine andipatsa kampukutu kanga n'kundiloza njira. Mwana wa miyezi isanu ndi itatu, woyamwa. Akuti ndine mfiti, akuti ndinaba fupa la munthu wakufa n'kumupatsa mwana wanga kuti azitafuna.

Okondedwa Amayi,

Pepani kuti ndayamba ndi moto ndisanakupatseni moni. Muli bwanji kumeneko ku Maneromango? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine moyo ulipo, koma ndikulemba mothamanga, muona nokha mmene zilembo zikupindikira. Malume Dilunga, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera Amayi kalatayi. Chonde musadumphe mzere ngakhale umodzi, ngakhale pamene pali pochititsa manyazi, chifukwa ndikabisa kanthu mudzakamva kwa anthu ena mukafika kuno, ndipo mudzasowa poyambira pondiyankhulira.

Amayi, mukukumbukira chitunda chofiira chija, kuseri kwa mitengo ya mikoko yomera m'matope a nyanja ija, pafupi ndi pamene timapala dothi la mchere? Tsiku la ukwati wanga munafunsa kuti bwanji pali mapale ambiri chotero, apongozi anga aakazi, Bi Mtumwa, n'kukutsitsani dzanja kuti musaloze ndi chala. Paja amati ndi pamanda a Bibi Mwanamize, kholo la kwa amuna anga, amene anayamba kufika kuno. Mkazi wosowa mwana amapita pamenepo ndi mphika watsopano, n'kuuphwanya pamwamba pake, n'kulonjeza kuti mwana akabadwa adzatenga dzina la Bibi. Amene amasesapo ndi kufukizapo lubani ndi apongozi aamuna, Mzee Kombo, monga ankachitira bambo awo ndi agogo awo.

Ndiulule choyamba. Mphika wa mizere itatu pakhosi uja munandiumbira wa ukwati, ndinakuuzani kuti nkhuku inaugwetsa pathandala. Ndinanama. Zitatha zaka zitatu ndilibe pathupi, Bi Mtumwa akundiimba nyimbo pamtondo, ndinaunyamula ndekha n'kukauphwanya pachitundapo. Mwezi wachiwiri ndinaima. N'chifukwa chake mwanayu ndi Mwanamize, osati dzina lanu monga ndinakulonjezani. Ndipo n'chifukwa chake iwo amati si wanga kwenikweni, ndi wa Bibi, ine ndinangomusungira m'mimba.

Chaka chino madzi aakulu a mu Epulo anadya mbali imodzi ya chitundacho, mapale n'kukhuthukira m'matope. Mzee Kombo anasiya kudya bwino, kuopa kuti tsiku lina adzapeza mutu wa agogo awo nkhanu zikulowa ndi kutuluka. Ndiye mwezi watha kunabwera galimoto ya anthu anayi ofufuza zakale, atatenga kalata ya boma. Wamkulu wawo ndi mzimayi wovala buluku, amamutcha Dokotala Mshana. Zuhura, mnzanga amene timaphika naye mchere, atangomva zoti dokotala anathamanga kukamuonetsa chithupsa cha m'khwapa. Mayiyo anaseka mpaka misozi, akuti, "Ine ndine dokotala wa mapale, mchemwali. Odwala anga onse anasweka kalekale."

Ife timayesa kuti Mzee akana. Koma iwo anati, "Kumbani. Koma mafupa a agogo anga mukawapeza muwaike m'manja mwangamu, ndikawagoneke kumtunda kumene nyanja sifika." Dokotala anati, "Baba, tikapeza munthu, munthuyo ndi wanu." Mzee anakagula nsanda yoyera, ndipo tsiku lililonse ankakhala m'mbali mwa dzenjelo pakampando, nsanda ili pamiyendo, kudikira.

Anafuna akazi awiri otsuka mapale, ndipo anatenga ine ndi Zuhura. Bambo a Mize, a Shomari, anavomera, poti mphepo ya kumwera ino nsomba zavuta. Ntchito yake n'njoseketsa, Amayi. Amatipatsa beseni ndi mswachi, wa m'kamwa weniweni, kuti tizitsuka phale limodzilimodzi. Zuhura ankati, "Iwe Siwema, amuna athu m'kamwa mukununkha nsomba yadzana, ife tili pano kutsuka mano a mapale!" Tinkaseka. Mize ali kumsana, ine ndikutsuka, osadziwa kanthu.

Tsiku lachiwiri ndinatola phale la mizere itatu. Ndinalidziwa ngati nkhope yanu. Dokotala analitembenuza n'kunena kuti, "Ili n'ladzulodzuloli, koma amene analiumba ndi katswiri." Ndinayang'ana kumbali kuti asaone maso anga.

Atakumba kufika m'mawondo, mapale anasintha. Sanalinso a miphika yabwino imene ife akazi timaphwanya popempha mwana. Anali okhuthala, okhakhala, osaya ngati mbale, opanda chokongoletsa chilichonse, onse ofanana ngati anaumbidwa ndi munthu wothamangira kwina. Kunsi akuda ndi moto, m'kati oyoyoka. Anali ochuluka moti mabeseni anatichepera. Pakati pawo phulusa, pansi pake mapale, pansi pakenso phulusa, mpaka dzenje linameza mwamuna woimirira. Ndinayamba kudabwa ndekha kuti kodi ndi mkazi uti angapite kukapempha mwana ndi chinthu chonyansa chotero? Munalinso tinthu tina tadongo, totalika ngati chikhatho ndi theka, tonenepa kumapeto konse, towonda pakati, totuwa chifukwa chopsa kawirikawiri.

Tsiku lina Dokotala anakhala nafe pansi, akuti, "Inu ndinu ophika mchere. Taonani phale ili, likukuuzani chiyani?" Ine ndinalinyambita. Iye anaseka, akuti, "Kuno chilichonse n'chamchere, ngakhale nsapato yangayi. Yang'ana bwino." Ndinayang'ana. M'kati mwake munali mzere wozungulira, pamene madzi ankalekezera, ndipo pansi pa mzerewo dongo linali lodyeka, monga mmene mchere umadyera chiwaya changa cha mgolo. Ndinatenga tinthu titatu tija, ndinatiimika pamchenga, ndinaikapo phale lalikulu pamwamba. Linakhala, Amayi, osagwedera. Ndinati, "Awa ndi mafuwa."

Ndiye pakamwa pangapa, pakamwa paja munkati padzandigwetsa m'dzenje. Ndinanena mokweza, ndikuseka, "Aa! Ndiye kuti pano si pamanda ayi, ndi padzala! Ankaphika mchere n'kumataya phulusa ndi mapale, ngati dzala lathu lija la kuseri kwa ziwaya!"

Zuhura anandiponda phazi, koma mochedwa. Mzee Kombo anali ataima kumbuyo kwanga.

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangoti, "Mwana wanga, wati pano ndi pachiyani?"

Dokotala anaimirira n'kuyamba kuwalankhula mofatsa, akuti anthu ankaphika mchere pamalo pano mwina zaka chikwi zapitazo, ankathira madzi amchere m'mbale zimenezi n'kuzisonkhezera moto mpaka zitasweka, ndipo chitunda chonsechi anachimanga ndi manja awo pang'onopang'ono. Akuti, "Baba, agogo anu ndi ambiri kuposa mmene mumaganizira." Mzee anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Kumbanibe. Ali pansi."

Anakumba masiku ena asanu. Lachisanu lapitali anafika pamchenga woyera, wosakhudzidwa ndi munthu, madzi n'kuyamba kutumphuka. Fupa ayi. Ngakhale dzino. Ngakhale mkanda umodzi. Mzee Kombo anatsikira m'dzenjemo ndi mkanjo wawo woyera, munthu wokalamba uja, n'kuyamba kufukula mchenga ndi zala ngati galu, akuitana, "Bibi! Bibi, muli kuti?" Anyamata okumba anachita kuwanyamula.

Musayese kuti ndinakondwa poti ndinanena zoona. Paja ndinagwada pachitunda chimenecho popempha mwana, Amayi. Ndinalira pamenepo, ndinaphwanya mphika wanu pamenepo. Ndinkapempha kwa ndani? Kwa phulusa? Akazi onse a mudzi uno, ndi amayi awo, ndi agogo awo, tonse tinkagwadira dzala la ophika mchere anzathu? Nanga Mize anandipatsa ndani?

Loweruka alendo aja anakwirira dzenje, analongedza makatoni awo n'kupita kumzinda, akuti abweranso pakatha masabata atatu. Galimoto isanazimirike n'komwe, mudzi unali utayamba kale kunong'ona. Akuti fupa silisungunuka ngati mchere. Ngati Bibi mulibe, ndiye kuti wina anawachotsa. Ndani? Amene ankagwira zonse zotuluka m'dzenje. Amene si wobadwira kuno. Amene anaseka.

Tsopano ndiulule chachiwiri, ndipo ichi ndicho chandipha. Ndinabadi. Dokotala ankalemba chilichonse m'buku lake ndipo anatiletsa kutenga ngakhale kaphale kochepa ngati chikhadabo. Koma tsiku lina ndikutsuka fuwa limodzi, ndinamva kuti pakati pake pali tizenje. Nditalifumbata, zala zanga zinalowa m'tizenjemo ndendende, chala chachikulu pamalo pake, zinazo pamalo pake, ngati ndinaliumba ndine. Nditayang'ana kumapeto kwake ndinaona timabowo tiwiri tating'ono, toyandikana. Mano a khanda, Amayi. Awiri a m'munsi.

Ndinamuona mkaziyo ngati ali pamaso panga. Wakhala pansi pomwepa, akuumba mafuwa ake mothamanga madzi asanadzaze, mwana ali pamiyendo. Mwanayo watsomphola dongo laliwisi n'kuliluma, monga amachitira Mize ndi chilichonse chimene wagwira. Mayiyo wamulanda, mwina wamukalipira, mwina waseka, koma sanafafanize. Waliwotcha momwemo. Sindinathe kuliponya m'katoni pamodzi ndi ena. Ndinalipisa m'nsalu, ndinapita nalo kunyumba, ndinalikulunga m'kanga, kachitenje kanga kakale, n'kuliika kumutu kwa mphasa ya mwana. Mundifunse chifukwa chake, ndilibe yankho lanzeru. Ndinangomva ngati ndapeza mbale wanga.

Lamlungu m'mawa ndili kuchitsime, Bi Mtumwa analowa m'nyumba mwanga kuti ayanike mphasa ya mdzukulu wawo. Ndinamva mfuu ndili panjira, ndowa ili pamutu. Pofika ndinapeza bwalo ladzaza, iwo ataima pakati, kanga yanga ili pansi, fuwa lili pamwamba pake, anthu atapanga bwalo patali ngati pali njoka.

Atandiona anati, "Bwera kuno, iwe wakumapiri! Bwera udzatiuze kuti mkono wa Bibi ukutani kumutu kwa mwana!"

Ndinati, "Amayi, limenelo si fupa, ndi fuwa. Ndi dongo."

"Dongo? Ndabadwa dzulo ine? Dongo lokhala ndi mfundo uku ndi uku? Taonani anthuni, loyera, lowonda pakati!"

Ndipo kunena zoona, Amayi, ukaliona uli patali, ndi mantha m'maso, limafanana. Ine ndekha ndinadzidzimuka kuti bwanji sindinaone zimenezi kale.

Kenako mkazi wina anawerama n'kukuwa, "Lili ndi mano! Alitafuna!" Bi Mtumwa anam'tsomphola Mize kumsana kwanga, anam'kanula kukamwa ndi chala pamaso pa anthu onse, mwana akulira. "Awiri apa, awiri apo! Werengani nokha! Mfiti iyi yayamba kumudyetsa mwana wathu nyama ya agogo ake!"

Ine ndikuti fuwa, iwo akuti fupa. Ine fuwa, iwo fupa. Mapeto ake ndinati, "Chabwino, liphwanyeni muone m'kati mwake!" Bwalo lonse linati, "Haa!" Wina akuti, "Mwamva? Akuti tithyole mkono wa Bibi!" Ndinayang'ana Zuhura, amene anaona ndi maso ake mafuwa oterowo odzaza makatoni atatu. Anayang'ana pansi, akuti, "Ine ndinkangotsuka, sindinkayang'anitsitsa." Sindimuda. Nayenso ali ndi ana, ndipo wake wachiwiri anam'pempha pachitunda pomwepo.

Ndinatembenukira kwa amuna anga. Ndinati, "Bambo a Mize, inu mumagwira mafupa a nsomba zazikulu tsiku ndi tsiku. Tanyamulani mumve kulemera kwake. Fupa louma limalemera chonchi?" Anabisa manja kumbuyo ngati mwana amene akumupatsa mankhwala owawa. Akuti, "Make Mize, ukanangozisiya zinthu za eni ake." Basi. Mawu a mwamuna wanga ndi amenewo.

Koma chimene chinandiopsa kuposa zonse ndi ichi. Mzee Kombo anabwera pang'onopang'ono ndi nsanda yawo ija. Anagwada, anatola fuwalo ndi manja awiri kudzera m'nsaluyo, osalikhudza ndi khungu, analikulunga bwinobwino n'kulifukata ngati khanda. Misozi ikutsika, koma nkhope ikuwala. Akuti, "Mwabwera, Bibi. Ndinadziwa kuti simungatisiye." Masana ake anadya mpunga mbale yonse, munthu amene anatha masiku akungomwa madzi. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti palibe amene akufuna kuti likhale dongo. Likakhala fupa, mfiti ndi ine ndekha. Likakhala dongo, mudzi wonse wakhala ukugwadira dzala.

Dzulo akuluakulu a banja anakhala pansi. Agamula kuti Lachisanu akaika mkono wa Bibi kumtunda, Mize apita ku Unguja kwa azakhali ake kuti akamutsuke ndi kumulera kutali ndi ine, ndipo a Shomari andipatsa mawu ondisudzula. Pakadali pano akundilola kumuyamwitsa, koma Bi Mtumwa amakhala pakhomo n'kumandiyang'ana bere ngati muli poizoni. Kalata ino ndikulembera kuseri kwa ziwaya, ndanamizira kusonkhezera moto.

Munthu mmodzi yekha ndi amene wanditsegulira kampata. Shehe wa pamzikiti wathu, amene nkhani za pachitunda sanazikondepo n'kale lonse, anati mlandu wa mwana sutha akuchikazi asanamveke. Akuti, "Akafika amalume ake Lachisanu tisanapemphere, tiwamva. Akapanda kufika, ndiye kuti avomereza." Bi Mtumwa anaseka, akuti, "Ku Maneromango? Adzafika mwana atamera mano onse." Sakudziwa kuti lole ya mchere inyamuka masana ano kupita kumsika wa kwanuko, ndipo dalaivala wake walonjeza kuti apereka kalatayi m'manja mwa Malume.

Malume, inu mubwere ndi pakamwa panu, mwana wa mlongo wanu akumira. Koma amene angandipulumutse kwenikweni ndi inu, Amayi. Zaka makumi anayi mukuumba mbiya, tsitsi lanu layera, inu adzakumverani pamene ine anditseka pakamwa. Simufunika kuliphwanya. Mukangoligogoda ndi chikhadabo lidzalira ngati mbiya yopsa bwino, ndipo mkazi aliyense wogula mphika amadziwa kulira kumeneko. Mudzawauze kuti dongo lowotcha mwana sangalilowetse mano, ngakhale fisi angathyokepo dzino. Mano aja analowa dongo lili laliwisi, moto usanalione, ife tonse tisanabadwe. Mutenge dongo pang'ono, mulikulunge m'masamba a nthochi kuti lisaume panjira. Mudzaumbe fuwa lina pamaso pawo, Mize alilume, tiliwotche pansi pa chiwaya changa, aike awiriwo pamodzi aone okha.

Koma chonde, mawu aja oti dzala musadzawatchule. Ine ndinawatchula kamodzi, taonani pamene andifikitsa. Mzee Kombo si munthu woipa. Ndi iwo ankandibisira nsomba yabwino ndili ndi pakati, ndi iwo anam'nong'oneza Mize mawu a Mulungu m'khutu tsiku lobadwa. Mukangowalanda fupalo n'kuwasiya manja ali lende, adzafa, ndipo imfayo adzaikanso pa ine. Ndakhala ndikuganiza. Mwina muwatenge dzanja, muwafumbatitse fuwalo pakati, amve okha zala zija. Muwauze kuti mkono wa Bibi sanaupeze, koma zala zake ndi izi, pamene anagwira akuphikira ana ake mchere, ndipo mano awa ndi a mwana wake. Sindikudziwa ngati dzina lake linalidi Mwanamize. Koma mkazi analipo, mwana analipo, ndipo palibe amene anam'landa mwanayo chifukwa choluma dongo.

Za kuba kwanga ndidzagwada pamaso pa Dokotala akadzabwera, achite nane chimene angafune. Za mphika wanu ndagwada kale m'kalata muno. Mudzandikalipire, mudzandimenye ngati mukufuna, koma mudzachite zimenezo Loweruka, Mize ali kumsana kwanga.

Mupereke moni kwa achemwali anga Sikudhani ndi ana awo, koma musawauze zonse, angalire n'kukuchedwetsani. Moni kwa akazi a Malume, andikhululukire powatengera amuna awo nthawi yokumba chinangwa. Mize sadziwa kanthu, akuseka, wandilanda pepalali kawiri. Pakona yam'munsiyi mupeza ponyowa ndi timabowo tiwiri. Ameneyo ndiye moni wa mdzukulu wanu, simunamuonepo chimerereni mano.

Chombo chafika kale, ndikuona thanga lake pano pamene ndakhala. Lachisanu madzi adzadzaza dzuwa likangopendeka, ndipo chombo sichidikira munthu. Ngati muli ndi mbiya pamoto, zisiyeni zisweke. Ngati mwendo ukupweteka, Malume akuberekeni mpaka pamsewu. Musadikire basi ya Lachinayi, kwerani lole yomweyi pobwerera.

Bwerani, Amayi. Bwerani ndi dongo. Nyamukani lero.

Ndine mwana wanu,
Siwema